Chitsulo chopanda mizere

Ana asukulu timawaphunzitsa kuti ma atomu a chitsulo amakhala m'mizere yolongosoka, ndipo ukapinda waya mizereyo imatsetsereka wina pamwamba pa unzake. N'chifukwa chake waya amapindika osathyoka. Koma si zitsulo zonse zili choncho.

M'chaka cha 1960, ku Caltech m'dziko la America, Pol Duwez ndi ophunzira ake awiri, William Klement ndi Ronald Willens, anasungunula golide wosakaniza ndi silicon n'kumuziziritsa mwadzidzidzi, pafupifupi madigiri 1,000,000 pa sekondi imodzi. Ma atomu anasowa mpata wofola mizere. Anauma ali balalabalala ngati a m'galasi.

Nanga chitsulo chotere ukachikoka chimatani? Poti mulibe mizere yotsetsereka, n'cholimba zedi, ndipo chimatamuka pafupifupi 2 peresenti n'kubwerera mwakale. Zitsulo wamba sizifika pamenepo. Vuto limabwera ukapyola malirewo. Frans Spaepen mu 1977 ndi Ali Argon mu 1979 anafotokoza kuti ma atomu amasuntha pang'onopang'ono pamalo amodzi, malowo n'kufewa, ndiye kusuntha konse kumathamangira pomwepo. Pamapangika kamzere kopyapyala, ma nanomita 10 mpaka 20 okha, chitsulo n'kuduka mosachenjeza. Ine apa ndi pamene pamandiopsa, chifukwa waya wamba amayamba wapindika kaye, munthu n'kuona kuti zinthu zavuta.

Mu 1992, William Johnson ndi Atakan Peker, a ku Caltech komweko, anapanga Vitreloy, chitsulo chamtunduwu chosafuna kuziziritsa mothamanga choncho. Chinayamba kugulitsidwa m'ndodo zosewerera gofu, pomwe kutamuka kuja kumathandiza kuti mpira upite patali.