Comenius, Mphunzitsi Wopanda Kwao

Kale m'maiko a ku Ulaya sukulu zambiri zinali za anyamata okha. Maphunziro anali m'Cilatini, cinenero cimene ana sanali kulankhula kwao, ndipo mwana wolephera kuloweza mau anali kulandira cikoti. Mmodzi wa anthu amene anatsutsa macitidwe awa ndiye Jan Amos Comenius, wobadwa m'caka ca 1592 ku Moravia, dera limene lero liri m'dziko la Czech Republic.

Comenius anakula wamasiye, ndipo analowa sukulu ya Cilatini ali ndi zaka 16. Popeza anali wosinkhuka kale, anaona bwino kuti colakwa sicinali mitu ya ana koma kaphunzitsidwe. Atatsiriza maphunziro anakhala mphunzitsi ndiponso mbusa wa mpingo wa Umodzi wa Abale, umene unaphuka m'ciphunzitso ca Jan Hus.

M'caka ca 1618 inabuka nkhondo yaikuru ya zipembedzo imene inatha zaka 30. Mkazi wace ndi ana ace awiri anafa ndi mliri, mpingo wace unaletsedwa, ndipo mu 1628 anathawira ku Leszno, m'dziko la Poland. Sanakhalenso kwao kufikira imfa yace.

M'ulendo umenewo ndimo munakhwima nzeru zace. Iye anaganiza motere: ngati munthu ali yense analengedwa m'cifanizo ca Mulungu, ndiye kuti ali yense angathe kudziwa, kaya ndi mtsikana, kaya ndi mwana wa mmphawi, ngakhale wocedwa kumva. Anaphunzitsa kuti Mulungu anapatsa anthu mabuku atatu, ndiwo cilengedwe, nzeru ya m'kati mwa munthu, ndi Malembo, ndipo kuti atatuwa satsutsana. Cifukwa cace mwana ayenera kuyamba waona cinthu, wacikhudza, ndipo pambuyo pace aphunzire dzina lace. Buku lace la Orbis Pictus, losindikizidwa mu 1658, linaika zithunzi pamodzi ndi mau ace, ndipo ana anawerenga bukuli kwa zaka zoposa zana limodzi.

Podziwa kuti kuongola mtengo mpoyamba, anagawa maphunziro panai, zaka zisanu ndi cimodzi gawo liri lonse. Sukulu yoyamba inali pa miyendo ya mai. Yaciwiri, ya m'mudzi uli wonse, inali ya m'cinenero ca makolo, ndipo Cilatini cinali kudza pambuyo.

Koma mtima wace sunali pa sukulu pokha. Iye anakhulupirira kuti nkhondo zimabadwa mu mdima wa umbuli, ndipo anafuna kuti anthu anzeru, atsogoleri a mipingo ndi olamulira a mitundu yonse akhale ndi mabwalo okambiranamo milandu ya dziko lonse lapansi popanda kukhetsa mwazi.

Mu 1656 asilikari anatentha Leszno. Moto unanyeketsa zolemba zace zambiri, pamodzi ndi buku lomasulira mau a cinenero ca kwao limene analigwirira nchito zaka 40. Nkhalambayo inapita ku Amsterdam niyambanso kulemba, kufikira inamwalira mu 1670.

Buku lace lalikuru lonena za kukonza makhalidwe a anthu onse linasowa kwa nthawi yaitali. Linapezeka ku Halle, m'dziko la Germany, patapita zaka zoposa 260 iye atamwalira, ndipo linasindikizidwa lonse ku Prague mu 1966. Mtendere umene anaufuna sanauone ndi maso. Koma pali ponse pamene mwana wamkazi akhala m'sukulu nawerenga buku la zithunzi m'cinenero ca amace, mbeu ya mlendo uja yamera.