Mavu okumba pansi: ayang'anitsitseni musanawathire mankhwala

Kuno ku Toronto, July ndi August ikafika mumaona timauna pamchenga, kuseri kwa nyumba kapena pabwalo la baseball pomwe ana amasewera, tokhala ndi kamulu ka dothi pakhomo ngati una wa nkhululu. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandiimbira foni ali wefuwefu, ati athiremo petulo. Ndinati dikirani kaye mayi, mavuwo ndi amtundu wanji?

Amene amatipatsa ntchito ife anamwino ndi ma yellowjacket: aafupi, achikasu ndi mizere yakuda, okonda kutera pa zakumwa zotsekemera. Amakhala ambirimbiri chisa chimodzi, ndiye mukaona akulowa ndi kutuluka ngati pamsika pa una umodzi, chotsanipo ana.

Mavu okumba ndi ena. Wamkazi aliyense ali ndi una wakewake, ngakhale maunawo ayandikane, ndipo saluma pokhapokha mutamugwira. Wosavuta kumudziwa ndi Sphex ichneumoneus: wamkulu, miyendo yofiirira, ubweya wagolide kumutu ndi pachifuwa, mimba theka yofiirira theka yakuda. Mnzake Sphex pensylvanicus ndi wakuda bii, mapiko onyezimira mwabuluu. Onsewa amasaka ziwala zobiriwira za nyanga zazitali, abale ake a bwamnoni. Akagwira sapha ayi. Amabaya ndi mbola kuti chiwalacho chiziziritsidwe thupi, n'kuchikokera kuuna, n'kuikirapo dzira. Mphutsi ikaswa imapeza ndiwo yosaola. Ine monga namwino zimenezi zimandigometsa, dotolo wogonetsa anthu ku fiyeta sangapose apa.

Choncho yang'anani katundu amene wanyamula. Ngati ndi ntchentche, ameneyo ndi Bembix wa mumchenga wosalimba. Ngati ndi kachikumbu konyezimira, ndi Cerceris fumipennis, wakuda, wa mzere umodzi wachikasu pamimba. Ameneyu ndi waphindu. Chikumbu cha emerald ash borer, chomwe chinapezeka ku Windsor mu 2002 ndi ku Toronto mu 2007 n'kupha mitengo yambiri ya ash, chili m'gulu la zomwe amagwira, moti akatswiri kuno ku Ontario anagwiritsapo ntchito mavuwa pofufuza komwe chafika.

Mukakhala phee pafupi ndi una muonanso kantchentche kotuwa, kochepa kuposa ya m'nyumba, katatera pamwala kapena kakuuluka kumbuyo kwa mavu ngati kamangiriridwa ndi ulusi. Ndi ka gulu la Miltogramminae. Sikasaka, n'kakuba basi. Sikaikira mazira, kamaswa timphutsi tamoyo pa chiwala chija kapena pakhomo pa una, ndipo timphutsito timadya chakudya cha mwana wa mavu, nthawi zina ndi dzira lomwe. Munthu sikamuluma.

Wina akalumidwa, tsukani ndi sopo n'kuikapo ayezi wokulunga m'kansalu. Koma milomo kapena lilime zikayamba kutupa, akamabanika kapena kuchita chizungulire, mubayeni EpiPen ngati ilipo ndipo imbani 911 pompo, osadikira kuti bambo abwere kuntchito.