Wigi Ikavulidwa: Kumene Drag Inachokera

Pa msewu wa 42nd Street mumzinda wa New York pali nyumba imene mu 1998 anainyamula yathunthu n'kuikankha pa njanji mtunda wa mamita pafupifupi 50 kuti apeze malo omangapo zina. Lero ndi khomo la nyumba yoonetsera kanema ya AMC Empire. Ambiri ogula matikiti pamenepo sadziwa kuti itatsegulidwa mu 1912 inkatchedwa Eltinge Theatre, potengera dzina la mwamuna amene analemera chifukwa chovala madiresi.

Julian Eltinge anabadwa mu 1881 ku Massachusetts, ndipo dzina limene makolo ake anamupatsa linali William Dalton. Ntchito yake ndi imene masiku ano imatchedwa drag: munthu kuvala ndi kuchita ngati wamkazi, kapena ngati wamwamuna, pofuna kusangalatsa anthu. Achinyamata ambiri anaidziwira pa pulogalamu ya RuPaul's Drag Race imene inayamba mu 2009, ndiye amayesa kuti ndi zadzana. Ayi ndithu.

Ku England m'masiku a Shakespeare mkazi sankaloledwa kukwera pa nsanja ya zisudzo, choncho mbali za akazi monga Juliet ndi Desdemona zinkaseweredwa ndi anyamata amene mawu anali asanayambe kukula. Zinasintha mu 1660. Ku Japan boma linaletsa akazi kusewera zisudzo za kabuki mu 1629, ndipo amuna otchedwa onnagata anatenga malo awo mpaka lero. Koma kumeneko mwamuna ankavala zachikazi chifukwa mkazi panalibe. Drag yeniyeni inabadwa pamene akazi anali atabwerera kale pa nsanja, koma anthu n'kumalipirabe kuti aone mwamuna atavala diresi, akudziwa bwino lomwe kuti ndi mwamuna.

Msika wake unali music hall ku Britain ndi vaudeville ku America. Chinali chionetsero cha kasakaniza: woyimba akachoka pabwera wamatsenga, kenako agalu ovina, kenako wanthabwala, aliyense mphindi zochepa chabe. Tony Pastor ndiye anachisambitsa ku New York mu 1881, pochotsamo mowa ndi nthabwala zotukwana kuti amayi ndi ana azilowa, ndipo B. F. Keith ndi Edward Albee anachisandutsa bizinesi ya nyumba zambirimbiri. N'zoseketsa kuti m'malo aulemu ameneŵa, mmene wosewera ankatha kuchotsedwa ntchito chifukwa cha liwu limodzi lonyansa, ndi mmene mwamuna wovala siketi anapeza mpando wapamwamba.

Muzu wina ndi wowawa kuufukula. Vaudeville isanabwere, ku America kunali zionetsero za minstrel, mmene azungu ankadzipaka zakuda kumaso kuti anyoze anthu akuda, ndipo ena mwa iwo ankavala zachikazi n'kumaseka mkazi wakuda. Francis Leon, mmodzi mwa amuna oyamba kutchuka ndi madiresi okwera mtengo, anachokera kumeneko.

Eltinge sankaseka akazi. Ankamangitsa chiuno chake ndi kolaseti mpaka kupuma movutikira, kupaka manja ndi mapewa ufa woyera, kuyenda mwachifatse, kuyimba ndi mawu ofewa. Anthu akatengeka, pamapeto pake ankavula wigi, ndipo nyumba yonse inkagwa ndi phokoso. Mu 1906 anakasewera pamaso pa Mfumu Edward VII ku England, ndipo sewero lake la The Fascinating Widow linafika pa Broadway mu 1911. Anali ndi magazini yakeyake yolangiza akazi za kukongola, ndi mafuta odzola olembedwa dzina lake. Koma akatsika pa nsanja ankalimbikira kusuta ndudu, kujambulitsa akukwera mahatchi, ndipo nkhani zoti wamenyana ndi munthu womunyoza sizinkasowa m'nyuzipepala. Ankadziwa kuti anthu amakhululukira diresi pokhapokha atatsimikiza kuti ndi ntchito basi.

Akazi nawo sanatsalire. Vesta Tilley wa ku Worcester, wobadwa mu 1864, anayamba kuvala suti ali kamwana, ndipo atakula anyamata a mu London ankatengera kwa iye kasokedwe ka zovala. Pa chionetsero chachifumu cha 1912 akuti Mfumukazi Mary anabisa nkhope kuti asaone mkazi atavala buluku. Patangopita zaka ziwiri, Tilley yemweyo anali atavala yunifolomu ya msilikali, akukopa anyamata kuti akalembetse ku nkhondo. Anapuma mu 1920, mwamuna wake Walter de Frece atalowa ndale. Ku mbali ya amuna, pa nyengo ya Khirisimasi, Dan Leno ankasekesa mabanja athunthu m'nyumba ya zisudzo ya Drury Lane atavala ngati mayi wokalamba wolongolola, mwambo umene ku Britain ulipobe.

Chovala chomwecho chikatsika pa nsanja n'kulowa mumsewu, nkhani inkakhala ya apolisi. Mu 1870 Ernest Boulton ndi Frederick Park anamangidwa akutuluka mu Strand Theatre ku London atavala madiresi, ndipo khoti linawamasula chaka chotsatira. Ndi m'nyuzipepala za chaka cha 1870 chomwecho mmene liwu loti drag limapezeka m'tanthauzo limeneli. Ambiri amati linachokera ku masiketi aatali okwekwereza pansi. Ku Washington, William Dorsey Swann, amene anabadwira muukapolo ku Maryland, ankachititsa magule a amuna ovala zachikazi m'nyumba za anthu, iye n'kumatchedwa mfumukazi ya drag. Apolisi anawagwira mu 1888. Mu 1896 khoti linalamula Swann kukhala m'ndende miyezi 10, anapempha Pulezidenti Grover Cleveland kuti amukhululukire, koma anakanidwa. Eltinge anamangiridwa nyumba, Swann anatsekeredwa m'chitokosi.

Cabaret inabweretsa mpweya wina. Inayambira ku Montmartre mumzinda wa Paris, kumene Rodolphe Salis anatsegula Le Chat Noir mu 1881: kachipinda kakang'ono, matebulo, vinyo, utsi wa fodya, woyimba ali pafupi moti ungamugwire malaya. Mmenemo munalibe ana oti awaope, ndiye nthabwala zinali ndi mano. Barbette, mnyamata wa ku Texas, anafika ku Paris mu 1923 akuuluka pa zingwe za m'mwamba atavala nthenga ndi zonyezimira, nayenso n'kuvula wigi pomaliza, mpaka wolemba Jean Cocteau anamulembera nkhani yomutamanda. Ku Berlin kunali kalabu ya Eldorado, kumene alendo ankapikisana kulota kuti wovina uja ndi mkazi kapena mwamuna. Ku Harlem, m'zaka zimene mowa unali woletsedwa ku America, kuyambira 1920 mpaka 1933, Gladys Bentley ankaimba piyano m'mabala obisika atavala suti yoyera ndi chipewa chachitali, akusandutsa nyimbo zotchuka kukhala zolaula.

Kalankhulidwe kakuthwa kamene ma drag queen amadziwika nako lero sikanachokere kwa Eltinge waulemu uja. Kanachokera kwa anthu ngati Bert Savoy, wa wigi yofiira ndi pakamwa posatsekeka, amene akuti wosewera Mae West anatengerako kayendedwe ndi kayankhulidwe. Savoy anaphedwa ndi mphenzi pa gombe la Long Beach mu 1923.

Zonse zinazima pafupifupi nthawi imodzi. Kanema wolankhula ndi wailesi zinalanda anthu, ndipo Palace Theatre ya ku New York, likulu la vaudeville, inasanduka yoonetsera kanema mu 1932. Pofika kumayambiriro kwa 1933 Eldorado inali itatsekedwa, makoma ake atamatidwa zikwangwani za chipani cha Hitler. Mizinda ya ku America nayo inalimbitsa malamulo oletsa kuvala zosagwirizana ndi chibadwa cha munthu, ngakhale pa nsanja.

Chakumapeto kwa moyo wake, Eltinge anapeza ntchito pa kalabu ina ya usiku ku Hollywood, koma apolisi anamukaniza kuvala diresi. Anaima pamaso pa anthu atavala suti, madiresi ake atakolekedwa pambali, akuloza limodzi ndi limodzi. Anamwalira ku New York pa 7 March 1941, ali ndi zaka 59.