Wilitcheya si njinga

Ku Katondo, mu Kabwe, ambiri amangoti "njinga ya olemala", ena amati chikuku. Vuto la chikuku n'lakuti ndi dzinanso la nthenda ya ana ija yotulutsa totupa, ndiye ukanena pa kiliniki kuti mwana akufunika chikuku, anesi angayambe akuyang'ana kaye.

Wilitcheya tinabwereka ku Chingerezi: wheel ndi gudumu, chair ndi mpando. Ndi mpando wamagudumu umene munthu amayendetsa pogwira magudumu akuluakulu am'mbali, kapena wina kumukankha. Ija yamagudumu atatu yopalasa ndi manja, yopitira kumsika, ndiyo njinga. Imathamanga, koma m'nyumba siitembenuka.

Tinene kuti agogo anu agwidwa ndi sitiroko. Mukapempha njinga, mudzalandira chinthu chofuna mphamvu za manja onse awiri, zimene iwo alibe. Pemphani wilitcheya, ndipo yambirani kwa afiziyo ku chipatala chachikulu cha Kabwe kuti awayeze. Mpando umayezedwa ngati nsapato: wothina kapena wopanda khushoni yabwino umabweretsa zilonda zovuta kupola, ndipo timagudumu tating'ono tam'chipatala timatitimira m'matope a mukomboni nthawi ya dzinja.

Alembetseninso ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, bungwe logwira ntchito pansi pa lamulo la 2012 loona za anthu aulumali, kuti alandire khadi. Ofesi ya Social Welfare ingakulozereni njira. Ku Lusaka kuli Disacare, kumene amapanga ndi kukonza mipando yotereyi.