Botolo la Dewar: mmene kuzizira kunapezera mosungira

Mu 1823, Michael Faraday, akugwira ntchito ku Royal Institution mumzinda wa London, anapanikiza mpweya wa kolorini mpaka unasanduka madzi. Mipweya ina yambiri inagonja chimodzimodzi, koma okosijeni, nayitrojeni ndi haidrojeni zinakanitsitsa kwa zaka zoposa 50. Mu December 1877 Louis Cailletet ku France ndi Raoul Pictet ku Geneva, aliyense payekha, anaona okosijeni atasanduka kankhungu komwe kanazimiririka nthawi yomweyo. Madzi enieni a okosijeni, ooneka ndi maso m'kachubu, anawapeza Zygmunt Wróblewski ndi Karol Olszewski ku Kraków mu 1883.

Kupeza madziwo kunali kwina, kuwasunga kwinanso. Okosijeni wamadzi amawira pa madigiri 183 pansi pa ziro, ndiye kwa iye chipinda wamba ndi ng'anjo. Munthu ankavutika tsiku lathunthu kuti apeze timadontho, koma asanayambe n'kuyeza komwe, tonse tauluka.

James Dewar, wa ku Scotland, amene ankagwira ntchito m'nyumba yomwe ija ya Faraday, anathana ndi vutoli mu 1892. Anaika botolo lagalasi m'kati mwa linzake, awiriwo n'kulumikizana pakhosi pokha, kenako anapopa mpweya wonse wa mumpata wa pakati pawo. Kutentha kumayenda ndi mpweya, choncho mpweya ukachoka kumasowa chokwera. Kunatsala kutentha kumene kumadutsa ngakhale popanda mpweya, monga kwa dzuwa. Kumeneku anakubweza popaka siliva m'makoma a galasilo. Adolf Weinhold wa ku Chemnitz anali atafotokozapo chiwiya chofanana nacho mu 1881, koma Dewar ndi amene anachisandutsa chida chodalirika cha mu labotale, ndipo mu 1898 chinamuthandiza kupeza haidrojeni wamadzi, pa madigiri 253 pansi pa ziro.

Dewar sanalembetse luso lakelo kuboma. Reinhold Burger, mmisiri wa magalasi ku Berlin, analilimbitsa kuti lizigwira ntchito pakhomo, n'kulembetsa mu 1903, ndipo chaka chotsatira dzina la Thermos linabadwa. Fulasiki ya tiyi ija ndi mdzukulu wa botolo limeneli. Dewar anakasumira a Thermos, koma mlandu sunamukomere.

Chimene mabuku ambiri amangochidumpha n'chakuti mpata wopanda mpweyawo sukhala choncho mpaka kalekale. Galasi ndi chitsulo zimasunga mpweya ndi chinyezi m'kati mwake, n'kumazitulutsa pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka. Chitsulo chimaposa galasi pa khalidwe limeneli, n'chifukwa chake mabotolo oyamba onse anali agalasi, osachedwa kusweka. Cha m'ma 1904 Dewar anasonyeza kuti makala a makoko a kokonati, akazizira kwambiri, amamwa mpweya wochuluka modabwitsa. Kuika makala pang'ono kukhoma lozizira la mumpatamo kunatsegula njira ya mabotolo achitsulo. M'mbiri yonseyi, ine ndimaona kuti nzeru yaikulu inali imeneyi, ndipo makala akugwirabe ntchitoyo lero, pamodzi ndi timiyala ta zeolite.

Pa 10 July 1908, ku Leiden, Heike Kamerlingh Onnes anasandutsa heliyamu madzi, pa madigiri 269 pansi pa ziro. Chiwiya cha heliyamucho chinazingidwa ndi haidrojeni wamadzi, haidrojeniyo ndi mpweya wamba wamadzi, mabotolo kumezana. Heliyamu anabwera ndi mavuto ake. Amalowerera m'galasi lofunda ngakhale lilibe mng'alu, ndipo akalowa mumpatamo saundana pakhoma monga imachitira mipweya ina, amangoyendayenda kututa kutentha. Kuthyathyalika kwakeko anthu anakupezera ntchito. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, Alfred Nier wa ku Minnesota anakonza makina ozindikira heliyamu ngakhale wochepetsetsa. Mpaka pano mmisiri amapopera heliyamu pamalo owotcherera ndi polumikizira, makina ali cheru kumpatako. Akangomumva, pobowoka papezeka. M'zaka za m'ma 1950 kunabweranso mapepala opyapyala a aluminiyamu, osanjikizana makumimakumi mumpatamo kuti azibweza kutentha monga siliva uja.

Wosamalira zida zotere amadziwa zizindikiro. Khoma lakunja likayamba thukuta kapena chisanu, nayitrojeni wamadzi wosungidwamo n'kumatha msanga, ndiye kuti mpweya walowa. Amadikira chiwiya chifunde kaye kuti zonse zimene zinaundana pakhoma ndi m'makala zituluke, kenako pampu igwire ntchito, mwina masiku angapo. Kupopa chikadali chozizira n'kudzinamiza.

Mpata umenewu ukhozanso kuphulitsa. Lita imodzi ya heliyamu wamadzi imasanduka mpweya woposa malita 700. Pa 19 September 2008, ku CERN pafupi ndi Geneva, polumikizira magetsi pakati pa maginito awiri a makina aakulu otchedwa Large Hadron Collider panapsa n'kuboola paipi ya heliyamu. Heliyamuyo anakhuthukira mumpata wopanda mpweya mofulumira kuposa mmene mavalavu akanathera kumutulutsa, maginito olemera matani ambiri n'kuzuka pamalo pake. Panatayika matani pafupifupi 6 a heliyamu, maginito 53 anatulutsidwa kukakonzedwa kapena kusinthidwa, ndipo makinawo anadzayambanso mu November 2009, atawonjezeramo mavalavu akuluakulu otulutsira mpweya.