Za Onyamula Mau

Kale lomwe, kuno kunsi kwa mapiri a Dedza, mau anali kuyenda ndi miyendo ya munthu. Mfumu ikatuma mthenga kucokera ku Golomoti kunka ku Mtakataka, ulemu wace wonse unali pa kufikitsa mauwo monga anawalandira. Tsono tiyeni tione, abale owerenga, cimene cioneka pamene onyamula mau ayamba kuopa olamulira.

M'caka ca 1968 boma la Dr. Kamuzu Banda lidaika bungwe loyesa mabuku ndi zithunzi za kanema, lakuletsa ziri zonse zosakomera boma. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo nyuzi za Daily Times ndi Malawi News zinali kuyamika mtsogoleri masiku onse. Ife amene tinali ana a sukulu tikumbukira umo akulu anali kusankhira mau potilembetsa kalata ya ku Joni, podziwa kuti ingatsegulidwe panjira.

Koma pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa ku Mua ndi m'macalici ao onse, yodandaula za umphawi, za omangidwa popanda mlandu, ndi za anthu otsekedwa pakamwa. Kalatayo sikadafika kwa ife popanda osindikiza a Montfort ku Balaka, amene anavomera nchitoyo ngakhale anadziwa kuopsya kwace. Boma linaicha kalata youkira, ndipo nyumba yosindikizirayo inayatsidwa moto. Komatu mau anali atafika kale. Ndipo pa 14 June 1993 anthu anasankha zipani zambiri.

Masiku ano amithenga athu ndiwo makampani a lamya ndi a intaneti, ndipo iwonso ayesedwa cimodzimodzi. Ku Thailand, dziko la ku Asia, lamulo lilola kumanga munthu kufikira zaka 15 cifukwa ca kunyoza mfumu. Kumeneko, mu August 2020, boma linauza Facebook kuti itseke gulu lochedwa Royalist Marketplace, m'mene anthu ngati miliyoni imodzi anali kukambirana za ufumu. Kampaniyo inati lamulolo ndi loipa, koma inamvera, nitseka gululo m'dzikomo. Pafupi ndi ife, ku Zambia, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa pa tsiku la cisankho, 12 August 2021, kufikira bwalo lalikuru la milandu linalamula kuti zitsegulidwe.

Pamenepa tiphunzirapo kuti ufulu wa kulankhula sukhala pa lilime pokha ai, ukhalanso m'manja mwa wonyamula mau. Osindikiza a ku Balaka analola kutaya cuma cao kuti mau apite. Ena alola kutaya mau a anthu kuti malonda ao asafe. Makolo anati wokutsina khutu ndi mnansi; koma mnansiyo adzatitsina bwanji khutu ngati mthenga atsekereza njira? Cifukwa cace tiphunzitse ana athu kufunsa, asanapereke mau ao kwa wina ali yense, kuti iyeyo amvera yani.