Kainjini ka Patebulo Kamene Kamaluma Ngati Kakakulu

M'chaka cha 1712, pafupi ndi Dudley ku England, Thomas Newcomen anaimika injini yoyendera nthunzi kuti izipopa madzi mumgodi wa malasha. Chinali chimakina chomangiridwa m'nyumba yakeyake, chodya malasha mosakhuta. Nthunzi inkalowa m'silinda, kenako ankawazamo madzi ozizira kuti nthunziyo isanduke madzi, ndipo mpweya wakunja unkakankhira pisitoni pansi. Chinkagwira ntchito, ndipo eni migodi sankadandaula kwambiri poti malasha anali pakhomo pomwepo.

Patapita zaka pafupifupi 50, yunivesite ya Glasgow inali ndi kachifanizo ka injini imeneyi kophunzitsira, kokhala ndi silinda ya mainchi awiri m'mimba mwake. Kanawonongeka, ndipo m'nyengo yozizira ya 1763 mpaka 1764 anakapereka kwa James Watt, mnyamata wokonza zida zoyezera. Anakakonza, koma kakangoyenda pang'ono nthunzi inkatha. Watt sanakaponye pakona. Anafufuza mpaka anaona kuti nthunzi yambiri inkathera kutenthetsa silinda imene madzi anali atangoiziziritsa kumene, ndipo kasilinda kakang'ono kamataya kutentha msanga kuposa chachikulu. Vuto limene chimakina cha kumgodi chinkabisa, kakang'onoka kanaliyalutsa. Mu 1765 anapeza nzeru yoti nthunzi iziziziritsidwa m'chotengera china chapadera, silinda izikhala yotentha nthawi zonse, ndipo mu 1769 analembetsa nzeruyo kuboma. Kainjiniko kadakalipo ku Hunterian Museum mumzinda womwewo.

Koma nzeru pa yokha siyendetsa pisitoni. Watt anavutika zaka zingapo kusowa munthu wotha kuboola silinda yozungulira bwino, mpaka John Wilkinson, amene ankaboola mizinga yankhondo, anapanga makina otha ntchito imeneyo cha m'ma 1775. Apa m'pamene mbiri ya injini inakumana ndi mbiri ya makina osemera zitsulo.

Makina otchedwa lathe ndi akale kwambiri: chinthu chimazungulira, mmisiri n'kuchikhudzitsa mpeni. Kwa zaka mazanamazana mpeniwo unkagwiridwa pamanja, choncho bawuti iliyonse inkatuluka ndi mizere yakeyake, ndipo nati ya bawuti ina sinkalowa pa inzake. Henry Maudslay, wobadwira ku Woolwich mu 1771, ndiye anasonkhanitsa nzeru zomwe zinalipo kale n'kuziika m'makina amodzi olimba cha m'ma 1800. Mpeni anaumangirira pa chonyamulira choyenda m'njira yakeyake, chokokedwa ndi sikuluwu yaitali, ndipo magiya osinthasintha ndiwo ankalamula kutalikirana kwa mizere. Analinso ndi choyezera chotha kuona gawo limodzi mwa magawo 10,000 a inchi, chimene anachitcha Lord Chancellor poti chikagamula mlandu wa muyeso panalibe wotsutsa. Mu 1829 mnyamata wa ku Edinburgh, James Nasmyth, anafika kwa Maudslay kudzapempha ntchito atanyamula kainjini ka nthunzi kamene anapanga yekha. Maudslay atakaona anamulemba ntchito. Wina amene anadutsa m'manja mwa Maudslay, Joseph Whitworth, mu 1841 anabweretsa muyeso umodzi wa mizere ya mabawuti, wopendekeka madigiri 55, umene njanji za ku Britain zinautsatira.

Kwa nthawi yaitali, kukhala ndi lathe kunyumba kunali kwa anthu opeza bwino. A Holtzapffel ku London ankagulitsa makina okongola kwa mabwana osema minyanga ndi mitengo ya mtengo wapatali pofuna kutayitsa nthawi. Mmisiri wamba, amene ankasema zitsulo za abwana ake tsiku lonse, analibe ake.

Zinthu zinatembenuka mu January 1898, pamene Percival Marshall anayamba kusindikiza magazini ya Model Engineer, ya anthu okonda kupanga timakina tating'ono, ku London. Chaka chomwecho owerenga anakhazikitsa bungwe lawo, limene lero limatchedwa Society of Model and Experimental Engineers, ndipo mu 1907 kunachitika chionetsero choyamba. Magaziniyo inalumikiza anthu amene aliyense ankadziona ngati ali yekha: kalaliki, m'busa, woyendetsa sitima, mphunzitsi. Amalonda nawo anatsatira. Stuart Turner wa ku Henley-on-Thames ankagulitsa zitsulo zoumbidwa kale koma zosasema, pamodzi ndi mapulani, kuti wogula aboole, aseme, apale ndi tupa mpaka injini ituluke. Kainjini kawo kotchuka ka 10V, kamene silinda yake siikwana inchi imodzi, anthu akukapangabe mpaka pano ngati ntchito yoyambira. Mu 1908 a Drummond ku Guildford anatulutsa lathe yaing'ono ya mtengo wa mapaundi asanu, yotha kuyendetsedwa ndi phazi. Aliyense amene anaonapo mwana akupinda mawaya kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero chokhota zenizeni akudziwa njala imene inkawavuta anthu amenewa: safuna chidole choyang'ana chabe, amafuna chiyende.

Munthu amene ndimamulemekeza kwambiri m'mbiri imeneyi ndi Lillian Lawrence, wobadwa mu 1883, amene anzake ankamutcha Curly. Anagwirapo ntchito pa njanji ya London, Brighton and South Coast, ndipo zilembo zoyambirira za dzina la njanjiyo, LBSC, ndizo anazisandutsa dzina lake lolembera. Masiku amenewo akatswiri monga Henry Greenly, amene ankajambulira kampani ya Bassett-Lowke, ankakhulupirira kuti timitu ta sitima tating'onoting'ono tiyenera kuyendera moto wa sipiriti ndi boyila yosavuta. LBSC anakana. Iye anati kamutu ka sitima kapangidwe monga mutu weniweni, kokhala ndi ng'anjo ya malasha ndi timapaipi tambiri todutsa moto m'kati mwa madzi. Mkanganowo unatentha m'magazini kwa zaka ziwiri. LBSC anapanga kamutu kotchedwa Ayesha, koyenda pa njanji yotalikirana mainchi awiri ndi theka, ndipo pa chionetsero cha 1924 kanapikisana ndi ka Bassett-Lowke. Anthu anaona ndi maso awo kamutu kotha kunyamulidwa m'manja kakukoka munthu wamkulu. Kuyambira pamenepo mpaka imfa yake mu 1967 analemba mapulani oposa 100, m'mawu oti munthu wosapita patali kusukulu amve, akulongosola bowo lililonse ndi chifukwa chake. Ndimaona kuti mphatso yake yaikulu inali imeneyo: sankabisa luso.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, amuna ndi akazi ambiri anabwerera kwawo atazolowera makina m'mafakitale a zida. Kampani ya Myford, imene inayamba mu 1934 ku Beeston pafupi ndi Nottingham, inatulutsa lathe ya ML7 mu 1946, ndipo inadzaza timashedi ta kuseri kwa nyumba m'dziko lonselo. Fakitale ya ku Beeston inatsekedwa mu 2011; lero oyamba kumene ambiri amagula timakina totsika mtengo ta ku China.

Kuchepa kwa makinawa kwapusitsa ambiri. Lathe ya patebulo siidziwa kuti ndi yaing'ono. Kiyi womangira chitsulo ukamuiwala pa chogwirira n'kuyatsa makina, amauluka molunjika kumene kuli nkhope yako, n'chifukwa chake amisiri akale amaphunzitsa kuti dzanja lisachoke pa kiyi mpaka atatuluka. Mkono wa malaya wolendewera, tsitsi lalitali, mphete, ngakhale magolovesi amene munthu amavala poganiza kuti akudziteteza, zonsezi chitsulo chozungulira chimazikola n'kukokera dzanja m'kati munthu asanaphethire. Zinyenyeswa za chitsulo zimatuluka zopotana, zabuluu ndi kutentha, zakuthwa ngati lumo. Zimachotsedwa ndi burashi kapena kangowe makina ataima, osati ndi chala. Za mkuwa zimathetheka timinga tating'ono tofuna maso, ndipo magalasi oteteza savulidwa ngakhale ntchito ikhale ya mphindi imodzi.

Boyila ndiye nkhani yaikulu. Anthu a ku Britain anaphunzira ndi maliro: maboyila a m'mafakitale ankaphulika kawirikawiri moti mu 1855 ku Manchester kunayamba bungwe loyendera maboyila, William Fairbairn ali patsogolo. Madzi akasanduka nthunzi pabwalo amakula kuposa ka 1,600, ndipo m'kaboyila kothinikizidwa mapaundi 80 pa inchi amakhala atatentha kupitirira madigiri 160. Kakang'ambika, madzi amenewo amawira nthawi imodzi, pomwe woyendetsa wakhala ataweramira pafupi ndi ana ali m'ngolo kumbuyo kwake. Choncho makalabu a opanga timitu ta sitima amaumirira kuti boyila ikhale ya kopa wolumikizidwa ndi mtovu wa siliva, osati mkuwa wosakaniza ndi zinki umene madzi otentha amaudya m'kati mwakachetechete. Boyila yatsopano amaidzaza madzi ozizira mpaka pakamwa, osasiyamo mpweya, n'kuipopa kufika kawiri mphamvu imene idzagwirire ntchito. Madzi sapanikizika, ndiye ikalephera imangodontha, siiphulika. Ikapambana m'pamene amasonkha moto kuti aone ngati valavu yotulutsa nthunzi ikutseguka pa nthawi yake, ndipo popanda chikalata cha woyesa, kamutu sikakwera njanji ya kalabu.

Zoopsa zina zinadziwika mochedwa. Mapulani akale ankalangiza kukuta boyila ndi asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka zambiri. Britain inamuletseratu mu 1999. Mtovu wa siliva umene amisiri ankaukonda poti umasungunuka msanga unali ndi cadmium, ndipo utsi wake m'kashedi kotseka mawindo ungathe kupha munthu. Mayiko a ku Ulaya analetsa kuugulitsa mu 2011. Komabe timitengo take tidakali m'madilowa a mashedi ambiri, ndipo mwana akalandira zida za malemu bambo ake amalandira ndi timeneto, topanda chizindikiro chilichonse. Wogula kamutu kakale kapena bokosi la zida zosiyidwa amalangizidwa kupita nazo kukalabu kaye, akulu akazione asanayatse moto.